Wowerenga Masiku a Nyama

Bambo anga anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi mu lesitilanti ya nyama ya ng'ombe, ija ya anthu oti akamafika mlonda amathamangira kukawatsegulira chitseko cha galimoto. Anthu akamva zimenezi amati tinakula tikudya siteki. Bodza. Chimene tinkadya ife ndi fungo, poti bambo ankabwera nalo m'malaya tsiku lililonse. Amayi ankati likanakhala kuti fungo limanenepetsa, bwenzi tonse tikukanika kulowa pakhomo.

Sanali ophika, sanalinso operekera zakudya. Ntchito yawo inali m'chipinda chozizira cha kuseri kwa khitchini, mmene nyama imakhala ikudikira. M'malo oterewa nyama saidya yatsopano. Amaikoleka pa mbedza zachitsulo kapena kuigoneka pa mashelefu, mphepo yozizira n'kumaiwomba osalekeza, masiku makumi atatu, makumi anayi, ina mpaka makumi asanu ndi limodzi. Kunja imauma, imada, imachita nkhanambo ngati ya pabala. Nkhanamboyo amaisenga ndi mpeni n'kutaya, m'kati n'kupeza nyama yofiira, yofewa, imene olemera amaitafuna atatsinzina. Ine ndili mwana ndinkati imeneyo ndi nyama yowola basi, angoiveka tayi. Bambo ankaseka, koma osati kwambiri.

Ndinalowamo koyamba ndili mtsikana, nditawapititsira mankhwala a dzino amene anaiwala pa tebulo. Chitseko chake n'chokhuthala ngati matiresi, ndipo chikatsekeka phokoso lonse la m'khitchini limazimiratu. Umangomva fani ikulira pamwamba. Nyama zinali m'mizere, nthiti kuno, misana uko, iliyonse ndi kapepala kolembapo tsiku limene inalowa. Zopachikazo zinkagwedezeka pang'onopang'ono ndi mphepo, moti ndinaona ngati zikutembenuka kuti zione amene walowa. Bambo ankayenda pakati pa mizereyo osayang'ana timapepala. Ankangodinikiza chala chachikulu pa nyama n'kunena motsitsa, ngati akupereka moni: khumi ndi anayi, makumi atatu ndi awiri, asanu ndi atatu. Ine, poti ndinabadwa wosakhulupirira, ndinawatsata m'mbuyo ndikuwerenga timapepalato. Sanaphonye ngakhale tsiku limodzi. Ndinatuluka mano akugundana, ndipo sindinganene kuti kunali kuzizira kokha.

N'chifukwa chake kuntchito ankawatcha a Chala. Ophika aakulu anasintha kasanu, lesitilanti inagulitsidwa kawiri, makatani ndi mipando ndiye osawerenga, koma a Chala anakhalapobe ngati khoma. Ukawafunsa kuti amadziwa bwanji, ankati sadziwa iwo, chimadziwa ndi chala. Nambala imangofika yokha, monga mmene dzina la munthu limafikira ukamuona nkhope.

Kunyumba anali munthu wa manja. Sankalankhula kwambiri, zolankhula anasiyira amayi ndi ine, ndipo ntchito imeneyo tinaigwira mokwanira. Iwo chikondi chawo chinali chogwira: kukusisita pamutu podutsa, kukufinya phewa ukalakwa mayeso, kuwagwira amayi m'chiuno akutsuka mbale mpaka amayiwo kuwakwapula ndi thawulo lonyowa. Manja awo ankakhala ozizira ngakhale nyengo yotentha, ndipo amayi ankadandaula kwa aliyense kuti anakwatiwa ndi firiji. Koma kunali kudandaula kuja kwa munthu amene akudzitama.

Zinthu zinasintha ine nditakwatiwa kale, ndikusoka zovala pa shopu yanga, misewu iwiri kuchokera kwa makolo. Pa lesitilantipo panali woperekera zakudya wina wachikulire, mnzawo wa bambo wa zaka zambiri, amene onse ankamutcha a Mluzu chifukwa ankaimba mluzu popukuta matambula. M'mawa wina a Mluzu anabwerera kuntchito kuchokera ku tchuthi, nalowa m'chipinda chozizira kudzapereka moni. Anagwirana chanza. Bambo anangomva nambala yafika, ndipo pakamwa pozolowera panaitulutsa: khumi ndi limodzi. A Mluzu anafunsa ngati asanduka nthiti, onse awiri n'kuseka. Atakwana masiku khumi ndi limodzi, nthawi ya nkhomaliro, a Mluzu anagwa pakati pa matebulo atanyamula mbale zitatu, ndipo sanadzukenso.

Bambo anadziuza kuti zangochitika. Patapita miyezi iwiri, dalaivala wa galimoto yobweretsa nyama anawapatsira mbedza, zala n'kukhudzana. Anayi. Ulendo uno sanaitchule nambala, koma anamuchonderera munthuyo kuti apume sabata imeneyo, asayandikire msewu. Anachonderera mpaka dalaivala anachita manyazi n'kuvomera. Anakhaladi pakhomo. Tsiku lachinayi mkazi wake anamupeza pampando, wailesi ikulira, tiyi atazizira m'kapu. Apa m'pamene bambo anamvetsa kuti pa nyama chala chimawerenga masiku amene apita, koma pa munthu chimawerenga amene atsala. Anazindikiranso kuti anthu ambiri akawagwira sipabwera kanthu, chifukwa chalacho chimalekeza pa masiku makumi asanu ndi limodzi, pomwe nyama ya m'chipinda chawo imalekezera. Ndiye kugwira munthu lero osamva kanthu sikunkawatonthoza, poti mawa akanatha kupeza kuwerenga kwayamba.

Zonsezi ife sitinkazidziwa. Tinangoona manja a bambo atalowa m'matumba. Moni anayamba kupereka ndi mutu. Anasiya kukwera basi, n'kumayenda wapansi ola lathunthu kupita kuntchito. Amayi akawapatsa kapu, ankadikira kuti aiike kaye pa tebulo. Kenako anasamukira pa mpando wautali wa pabalaza, akuti bedi likuwapweteka msana.

Mkazi akakhala zaka makumi anayi ndi mwamuna wa manja, manjawo n'kuchoka mwadzidzidzi, amaganiza chinthu chimodzi. Amayi anabwera pa shopu, anakhala pa mpando wa makasitomala, n'kundifunsa ngati ndamvapo za mkazi wina wa ku lesitilanti. Anati asanthula m'matumba, anunkhiza malaya, koma angopeza fungo lomwe lija la nyama. Ndinafuna kuseka. Bambo anga ndi chibwenzi, munthu woti ngakhale tayi amachita kumangidwa ndi akazi awo? Koma amayi sankaseka.

"Ndikadwala amandigulira mankhwala, amaika pambali pa bedi, kenako amaima pakhomo n'kumandiyang'ana ngati ndine moto," anatero. "Kodi ndimanunkha, mwana wanga? Undiuze zoona."

Ndinakwiya kwambiri tsiku limenelo, mpaka ndinathyola singano ya makina.

M'mawa mwake ndinapita ku lesitilanti isanatsegulidwe. Ndinadutsa m'khitchini osapereka moni, ndinakankha chitseko chokhuthala chija, n'kuwapeza akusenga nkhanambo pa msana wa ng'ombe. Ndinawalalatira, ndikuvomera, ngati mwana amene sanaleredwe. Anandimvera mpaka mpweya unandithera. Kenako anaika mpeni pansi n'kundifotokozera za a Mluzu ndi za dalaivala, mawu akutuluka ndi nthunzi m'kamwa. Ndinawauza kuti zimenezo n'zamkutu, ndi ukalamba ukuwasewera m'mutu. Ndinatambasula mkono.

"Ndiye ndigwireni ine, tione."

Bambo anabwerera m'mbuyo mpaka msana wawo unagunda nyama zopachika, mzere wonse n'kuyamba kugwedezeka, mbedza zikulira pa chitsulo.

"Mayi, bweza mkono wako."

Ndinaubweza, ndipo ndinaubweza msanga kuposa mmene ndinautambasulira.

Anandilumbiritsa kuti ndisawauze amayi. Anati amayi akadziwa adzafuna kugwidwa, ndipo iwo sangathe kudya, kugona kapena kuyang'ana nkhope ya mkazi wawo ali ndi nambala m'mutu. Chakudza sichiimba ng'oma, anatero, ndipo n'chifundo kuti sichiimba. Chinsinsicho ndinachisunga chaka ndi miyezi isanu. Amayi akabwera kudzalira pa shopu ndinkawauza kuti amuna akamakalamba amatero. Ndinkawaona akuonda, madiresi awo ndinawabweza m'chiuno kawiri ndi manja angawa, koma ndinkadziuza kuti ndi maganizo chabe. Pa zolakwa zonse za moyo wanga, chimenechi ndiye chimandiluma mpaka lero.

Bambo atafika popuma pa ntchito, mwini lesitilanti anawapatsa mphatso. Anati asankhe nyama iliyonse imene akufuna m'galimoto yotsatira, aisunge mmene akudziwira, ikakwana abwere ndi banja adzakhale pa tebulo ngati makasitomala. Zaka zonsezo bambo anali asanakhalepo pa mpando wa kutsogolo. Anasankha nthiti za ng'ombe yonona, n'kunena kuti zimenezi n'za masiku makumi anayi ndi asanu. Amayi anazunguliza tsikulo pa kalendala, ine n'kuyamba kuwasokera diresi yobiriwira. Bambo ngakhale anapuma ankapitabe m'mawa uliwonse kukaiona nyama yawo, ngati munthu wokazonda wodwala.

Nyamayo itakhala masiku khumi ndi asanu ndi awiri, ndinapita kukawayesa amayi diresi ija. Makolo anga ankakhala m'nyumba ya m'mwamba, yokwera pa masitepe a simenti. Titamaliza kuyesa amayi anati andiperekeze, diresi ikadali m'thupi ndi mapini ake m'mpendero. Tili pamwamba pa masitepe, bambo anatulukira pansi akuchokera ku lesitilanti, nayamba kukwera. Atatsala masitepe atatu kuti atipeze, amayi anapendekeka n'kugwera kutsogolo. Manja a bambo anatuluka okha m'matumba. Anawawakha, dzanja lina pamsana, lina pa mkono pamwamba pa chigongono pomwe panalibe nsalu, chala chachikulu chitalowa m'mnofu.

Pansi wina ankatunga madzi pa mpopi, ndipo ndinkamva ndowa ikudzaza. Ndinaona milomo ya bambo ikuyamba kugwedezeka, kenako anailuma. Nkhope yawo inali ya munthu amene wina akumunong'oneza kukhutu. Sanawasiye amayi. Patapita kanthawi analankhula ndi mawu a masiku onse.

"Mayi ake mwana, diresiyi yakukhalani. Musavule. Tikadye nyama ija lero."

Amayi anawakumbutsa kuti kwatsala masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Bambo anati yakwana. Ine ndinakhala pansi pa sitepe pomwepo.

Tinafika ku lesitilanti nthawi ya nkhomaliro. Mlonda, amene ankawadziwa bambo zaka zambiri, anasokonezeka powaona akulowera khomo la kutsogolo atagwira dzanja la mkazi. M'katimo munali mdima pang'ono ngakhale kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Matebulo anali ndi nsalu zoyera, mipeni ya zigwiriro zamatabwa itandandalikidwa pambali pa mbale iliyonse, anthu akulankhula motsitsa. Pa khoma limodzi mwini watsopano anaikapo galasi lalikulu loonetsa m'chipinda chozizira, kuti odya aziona nyama zikudikira. Anatikhazika moyang'anizana nalo. Ndinali ndisanaganizepo kuti anthu ankadya akuwaonera bambo anga akuyendayenda m'katimo, akulankhula ndi nyama.

Wophika wamkulu anatuluka yekha m'khitchini, poganiza kuti woperekera zakudya wamva molakwa. Anawakumbutsa bambo kuti ndi iwo omwe tsiku lina anakana kudula nyama yotsala masiku awiri okha, kuli phwando la anthu akuluakulu, mwini lesitilanti akuopseza kuwachotsa ntchito. Anati m'zaka zonse zimene wawadziwa sanadulepo kanthu tsiku lake lisanakwane. Nthiti zija nkhanambo yake sinakhwime, kuzidula lero n'kuziwononga.

"Dulani, achimwene," bambo anatero. "Yokhuthala zala ziwiri, moto waukulu, m'kati muisiye yofiirira. Mchere wokha."

Wophika anawayang'ana bambo, anayang'ana amayi, anayang'ana manja awiri ogwiranawo pa nsalu yoyera, n'kubwerera kukhitchini. Kudzera pa galasi tinamuona akutsitsa nthiti zija. Mbedza inatsala ikugwedezeka yokha, ndipo inagwedezeka nthawi yonse imene tinadikira.

Nyama inabwera pa mbale zotentha ikulirabe, mafuta a m'mbali atapsa bwino. Bambo sakanatha kugwira mpeni ndi foloko poti dzanja lamanja linali kwa amayi, ndipo amayi sankafuna kulisiya. Ndinawadulira onse awiri ngati ana. Amayi analawa, anatafuna nthawi yaitali, n'kunena kuti ndiye zimenezi n'zimene akhala akutibisira zaka zonsezi. Anadya mmene ndinali ndisanawaonere miyezi yambiri, mpaka anaitanitsa vinyo, iwo amene ngakhale fungo lake ankadana nalo. Bambo atalawa anapukusa mutu n'kuvomereza kuti wophika ananena zoona, sinakwane. Amayi anati kwa iwo yakwana.

Mbale zitachotsedwa amayi anapukuta pakamwa, anapinda kansalu, n'kutembenukira kwa bambo.

"Pa masitepe paja sindinaterereke. Ndinadziponya dala."

Anafotokoza kuti sabata yapitayo anakumana ndi mkazi wa a Mluzu pa sitolo ya mankhwala, ndipo m'macheza anamva nkhani ya khumi ndi limodzi, imene a Mluzu anakaiseka kunyumba kwawo tsiku lomwelo. Pobwerera analumikiza zonse okha panjira: matumba, kapu, mpando wa pabalaza. Anati poyamba anasangalala ngati mtsikana kuti kulibe mkazi wina. Asanafike pakhomo anali atakwiya kuposa kale.

"Zaka pafupifupi ziwiri mwandibera, bambo inu. Mumaopa kudziwa tsiku langa, ndiye munandisiya ndizikhala ngati ndafa kale. Nambalayo ndi yanu, musandiuze. Ine ndikungofuna dzanjali."

Bambo analira, mu lesitilanti ya anthu olemera, misozi ikugwera pa tayi. A pa tebulo loyandikana anayang'ana m'mbale zawo. Ine amayi anangondiponya diso kamodzi, ndipo ndinadziwa kuti mlandu wanganso akuudziwa, kungoti alibe nthawi yoti auzenge.

Tsiku lotsatira ndinaumirira kuti tipite kuchipatala. Bambo sanakane, koma anapita ngati munthu woperekeza. Madokotala anawapeza amayi ndi chotupa m'bere la kumanzere, chachikulu, chitafalikira kale m'thupi. Amayi anavomera kuti anachimva kalekale chikadali kakang'ono, koma sanauze aliyense. Anati poyamba ankadikira kuti amuna awo achipeze okha, poti manja aja sankaphonya kanthu; kenako anaona kuti palibe chifukwa chovutikira ndi thupi limene mwini wake analisiya. Dokotala, mayi wabwino amene sankadziwa za m'nyumba mwathu, anati akanabwera chaka chapitacho bwenzi nkhani ili ina. Kenako anatembenukira kwa bambo n'kuwafunsa mwaulemu ngati iwo sanachimvepo, poti zotupa zotere kawirikawiri amayamba kuzimva ndi mwamuna. Bambo anayang'ana chala chawo chachikulu.

Tinawatengera kunyumba. Kuyambira pamenepo bambo sanalole wina aliyense kuwagwira amayi. Ankawasambitsa okha, kuwadzoza mafuta, kuwapesa tsitsi mokhotakhota amayi akuwaseka kuti manja odulira nyama sadziwa chipeso. Ankawadyetsa ndi dzanja limodzi, lina lili pa mkono. Nthawi zina ndikalowa m'chipinda ndinkapeza chala chija chili pamalo omwe aja pamwamba pa chigongono, milomo ya bambo itatsekedwa zolimba, amayi akuyang'ana pa zenera ngati sakuona. Sindinafunse nambala, ndipo ndikuvomera kuti sichinali chifukwa cha ulemu, anali mantha.

Pa tsiku la makumi awiri ndi atatu kuchokera pa nkhomaliro ija, bambo anandiimbira foni m'mawa ndikungotsegula shopu. Anati nditseke, ndidzere kwa azakhali, mlongo wawo wa bambo, tibwere tonse. Tinawapeza amayi atakhala tsonga pabedi akumwa tiyi, akuoneka bwino kuposa dzulo lake, ndipo azakhali anakalipa kuti awasiyitsa zochapa pachabe. Amayi anamwalira masana a tsiku lomwelo, pakati pa nkhani ya mapini amene ndinaiwala m'diresi yobiriwira. Anthu odzatenga thupi atafika, bambo anali akugwirabe mkono. Ine ndi azakhali tinachita kuwatsegula zala chimodzichimodzi, ndipo chachikulu ndicho chinavuta.